Nambala 27

Upile anatola malungo,
Lusayo anathamangira zakudya za ana,
ine, wochedwa masiku onse,
ndinapeza patebulo patatsala kaundula mmodzi
wachikuto chakuda, chiswe chitamulawa m'ngodya.
"Khansa," anatero Dokotala Mtila, osadzutsa mutu.
"Werenga amene tinawatumiza ku Blantyre chaka chatha.
Ukatha, ufufuze kuti anakafika angati."

Ndinatsonya chamumtima.
Ine ndinadzera mpeni, kung'amba ndi kusoka,
osati ukalaliki m'kachipinda ka pachipatala cha Mangochi
momwe fani imazungulira ngati ikupepesa.

Masiku atatu ndikunyowetsa chala ndi malovu.
Khomo la chiberekero, makumi anayi ndi awiri.
Kummero, khumi ndi asanu ndi mmodzi.
Chikhodzodzo, ambiri asodzi
amene anakodza magazi ali ana
akulu nawauza kuti ndiko kukula kwa mwamuna.
Pambali pa dzina lililonse, mawu omwewo: watumizidwa.
Kupitirira apo pepala lili mbee.

Lachinayi ndinakwera njinga yamoto ya Twaibu,
tinakhotakhota pa Chowe, tinasiya tala ku Namwera,
mafomu ali m'jumbo kuopa fumbi,
kukasaka nambala 27.

Nambala 27 inali pakhonde, ikutong'ola chimanga.
Abiti Saujiya.
Anandiyalira mkeka, iwo nakhala chammbali,
kakhalidwe kamene ululu umaphunzitsa.
Ndinafunsa monga anatiphunzitsira:
zizindikiro zinayamba liti?
"Chaka chimene madzi anatenga mlatho wathu."
Fomu yanga inalibe bokosi la mlatho.
Nanga ku Blantyre munapita?
Analowa m'nyumba pang'onopang'ono, atagwira khoma,
natuluka ndi kalata ija
m'pepala la shuga, yosada, yosapindika,
ngati setifiketi ya mwana.
"Pamafunika thiransipoti ya awiri, ine ndi wondidikirira.
Tinagulitsa mbuzi. Mdzukulu anadwala.
Mbuzi inathera pa mdzukulu."

Anapemerera mankhusu pa chitenje
kenako nawonso anafunsa lawo:
"Nanga inu adokotala, mukalemba zonsezi,
amawerenga ndani?"

Cholembera chinaima.
Twaibu anayang'ana tayala lake ngati laphwa.

Masabata asanu, midzi makumi awiri.
Ena ndinawapeza, ena anandilozera ndi mlomo kumsitu.
Ndinaika pepala patsogolo pa Dokotala Mtila:
mwa makumi asanu ndi awiri kudza mmodzi,
ofika khumi ndi asanu ndi anayi.
Anavula magalasi.
"Zaka khumi ndi zinayi ndikusaina makalata amenewa.
Palibe anandiuzapo nambala iyi."
Anakoka mpando ndi phazi.
"Khala. Wakondera midzi yapafupi ndi msewu.
Ku Makanjira wapitako? Ku Katuli?
Tiyambirenso."

Anzanga amati ndasankha kuperekeza maliro.
Mayi pafoni akuti, si unkafuna za opaleshoni iwe?
Ndimayankha zoti netiweki ikuvuta.
Sindidziwa kuwauza kuti usiku,
ndikatseka laputopu,
funso lija limakhala pamphepete pa bedi
likutong'ola chimanga.

Abiti Saujiya anatisiya mwezi wa Ramadani.
Anandiuza ndi Twaibu, tili pamzere wa petulo.
Mu kaundula ndinalemba tsiku,
inki yabuluu pamalo paja panali mbee.

Koma Lachiwiri lapitali
kunabwera Duniya, mwana wawo wachiwiri,
ndi anzake atatu, onse manyazi ali tho,
kudzayezetsa khomo lija ndi viniga.
Magetsi anali atathima.
Sisitala Chikwenga ankayeza, ine nditagwira tochi,
dzanja likunjenjemera kuposa tsiku la mayeso.
"Walitsa bwino," anandikalipira,
"ukufuna tiwone kapena tingoganizira?"

Fomu yosankhira ntchito ya mtsogolo
ili m'thumba la gawuni, yayamba kale kuda.
Mawa Twaibu akunditenga mbandakucha.
Ku Makanjira n'kutali,
ndipo nambala 28 sindinaione nkhope.